Sindibwera mu Ogasiti, Sylvia

Nazale ya Mitengo,
Kumunsi kwa Mafinga,
Chitipa.
22 Julayi, 1984.

Wokondedwa mkazi wanga Sylvia,

Landira moni wanga wochokera pansi pa mtima, iwe pamodzi ndi ana athu. Uli bwanji kumeneko? Kodi mutu uja unkakuwawa nthawi yokolola unaleka, kapena ukungondibisira monga mwa khalidwe lako? Nanga Dorothy, chifuwa chija chinatha? Amos ndamva kuti mano awiri akutsogolo achoka. Umuuze asamaseke kwambiri pagulu mpaka atamera. Nanga mayi, mwendo uja ukuwalola kupita kudimba?

Ine kuno ndili moyo ndithu, Mulungu akundisunga. Chovuta ndi chisanu basi. Ife a ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma kwa kuno ndi kwina. M'mawa madzi a m'ndowa amaluma zala. Juzi ija unandilukira ndimagona nayo, kudzuka nayo, kupita nayo kutchalitchi, moti anthu ayamba kuganiza kuti ndinabadwa nayo.

Kalatayi sindinaponye pa positi. Ndapatsira Stefano, dalaivala wa lole imene imatibweretsera machubu a mbande, poti ulendo uno akufika ku Lilongwe ndipo walonjeza kupatukira kwathuko. Ukawerenga uisunge pansi pa sutikesi, usakaiwerenge mokweza pakhonde. Mulibe choipa, koma masiku ano mawu amamera miyendo.

Ndikudziwa kuti maso ako athamanga kale kutsika ndi pepalali kufunafuna tsiku. Ndinakulonjeza kuti mu Ogasiti ndikhala nditasamutsidwira ku Dedza, kuti patatha zaka zinayi tidzagonenso pansi pa denga limodzi. Unandilembera kuti wazira kale nyumba ndipo ana akuwerenga masabata.

Sylvia, sindibwera mu Ogasiti.

Usang'ambe pepalali, chonde. Kulibe mkazi wina, ntchito sanandichotse, ndipo sindinalakwire aliyense wa chipani. Ndinapalamula ndekha, ndi cholembera changa chomwechi. Undilole ndiyambire pachiyambi, kenaka undiweruze.

Mu Malichi, bwana wathu wa ku boma anandiuza kuti malo apezeka ku Dedza ndipo dzina langa lili pamwamba. Anati chatsala n'chakuti ndisiye nazale ili bwino, komanso ndidzaze fomu imene inachokera kulikulu. Fomuyo inkafunsa za wantchito aliyense: zaka zake, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, wagwira nthawi yaitali bwanji, ngati ntchito amaikonda, ndiponso chimene chimamudetsa nkhawa.

Ndinawaitana mmodzimmodzi anthu anga onse makumi awiri ndi atatu. Aliyense anandiyankha chimodzimodzi, kuti "tili makora, bwana", ndiko kuti tili bwino m'Chitumbuka. Wodwala msana anati ali makora. Amene mwana wake anamwalira mwezi womwewo anati ali makora. Ndinaseka ndekha. Ndani lero angauze munthu wa boma, atagwira pepala ndi cholembera, kuti sali bwino?

Choncho ndinaganiza zolemba zimene maso anga amaona, poti ukundidziwa mwamuna wako, amadziyesa woona patali.

Madala alipo asanu ndi mmodzi, ndipo amenewo nazale amaitenga ngati munda wa makolo awo. Amafika ine ndisanatsuke m'kamwa. Ukayenda nawo m'nkhalango amakulozera mitengo ya paini n'kumakuuza kuti iyi tinabzala chaka cha dzombe, iyo chaka chimene mlatho unakokoloka. Misana inawatha, majombo sanalandirepo, koma ukawauza kuti apume amakhumudwa ngati wawatukwana.

Anyamata ndi ena. Thupi lili pa wilibala, mtima uli kumalire, kumene anzawo akuti akulemera ndi kugulitsa shuga. Funso lawo ndi limodzi chaka chonse, loti adzalembedwa liti ntchito yokhazikika. Sindiwada ayi. Munthu wa zaka makumi awiri sungamuuze kuti adikire mtengo ukule.

Amayi alipo asanu ndi anayi, ndipo ntchito yosamala kwambiri, yowokera timbande m'machubu, ndi yawo. Onse ndi aganyu, palibe ndi mmodzi yemwe wokhazikika. Amawerama tsiku lonse mwana ali kumsana. Mwana akadwala tsikulo latayika. Mu Juni amatengedwa kukaphunzira magule a chikondwerero, ndipo akabwerako amapeza machubu awo akuwadikira, palibe wawagwirirako. Izi sindinalembe pa fomu, chifukwa chake ukuchidziwa.

Tsono pofuna kusiya mbiri yabwino, ndinayamba kusintha zinthu. Apa ndi pamene ndinaponda pa moto.

Pali mdala wina dzina lake a Safeli Sichali. Agwira kuno zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nthawi yonseyo ali kumtunda, kulambula njira zotchinga moto m'nkhalango. Ndi munthu wofatsa, wosadziwa kunama. Kapitawo wathu wakale atapuma, ndinawatsitsa kumtundako n'kuwapatsa ukapitawo. Sylvia, ukanaona chimwemwe chake! Wezulo ya ukapitawo anaikwecha ndi phulusa mpaka kuwala, ndipo Lamulungu ankaivala m'khosi kunsi kwa jekete popita kutchalitchi. Ine ndinadziona ngati ndachita chinthu chanzeru kuposa zonse.

Ndinaikanso malamulo atsopano. Seveni koloko aliyense aime pamzere, kapitawo akaitana dzina ayankhe mokweza akumuyang'ana. Khasu kapena kheni yothirira alandire m'manja mwa kapitawo, madzulo abweze m'manja momwemo. Masana kapitawo ayendere aliyense pamalo pake, aone ntchito.

Ndiye pali mayi wina, Esnat Nalungwe, wamsinkhu wako, wamasiye wa ana atatu. Pa amayi onse dzanja labwino ndi lake. Akawokera mbande zana, zofa sizipitirira ziwiri. Kale ankagwira kumunsi, kufupi ndi mtsinje, ndipo nyimbo zonse za pantchito ankayambitsa ndi iye. Ndiyenso ankandiseka poyera ndikapotoza moni wa kuno. Poona luso lake ndinamukweza, n'kumuika pa mabedi ofeserapo njere, pafupi ndi shedi ya zipangizo, pamene kapitawo amakhala tsiku lonse.

Sabata isanathe, Esnat anasanduka munthu wina.

Pamzere sankaoneka. Dzina lake likaitanidwa kunali zii, kenaka ndimamuona akutuluka kuseri kwa shedi mzere utabalalika. Kheni sankalandira m'manja, ankadikira kuti mnzake amutengere. Madzulo ankangoisiya pansi n'kuchoka. Kapitawo akamayandikira bedi lake, iye ankanyamuka n'kulowa patchire, kukhala komweko mpaka mdalayo atadutsa. Nyimbo zinatha. Ankafunda chitenje kumutu mpaka kumaso, ndipo anayamba kuwonda ndikuona.

Ndinamuitana ku ofesi. Anagwada pakhomo, maso pansi, n'kunena kuti "palije suzgo", kutanthauza kuti palibe vuto. Ndinamufunsa katatu, katatu konse anayankha zomwezo.

Ndinafunsa a Sichali kuti mayi ameneyu watani. Anayang'ana kuphiri, kenaka anati za munthu ameneyo iwo sangathe kuyankhulapo. Ine ndi nzeru zanga ndinamva kuti ngakhale kapitawo watopa naye. Amayi anzake nditawafunsa anangoyang'anana. Ndinapsa mtima. Ndinati mumtima mwanga, ndamukweza munthu ndipo akundibweza chipongwe, akufuna kundiipitsira mbiri nthawi yomwe ndikupita kwathu.

Mu Meyi ndinalemba lipoti. Ndikuuza mawu ake enieni, ngakhale dzanja likuchita manyazi. Ndinalemba kuti Esnat Nalungwe alibe chidwi ndi ntchito, ndi wamwano, samvera kapitawo, ndipo achotsedwe. Pa fomu ya kulikulu ija ndinawonjezera kuti amayi ambiri sakonda ntchito ngati abambo. Ndinalemba zimenezo ine, mwamuna wa mkazi amene walima yekha munda zaka zinayi.

Lipotilo linapita ku boma, ine n'kuyamba kumanga mabuku anga m'katoni.

Lamulungu la masabata awiri apitawo, nditangobwera kutchalitchi, ndinamva odi pakhomo. Anali a Sichali, atavala jekete yawo ija. Ndinawapatsa mpando, anakana, anakhala pansi pakhonde. Tinapatsana moni wautali monga amachitira kuno, kufunsana za kunyumba, za mbuzi, za chisanu. Kenaka anavula wezulo m'khosi, naiika pansi patsogolo panga ndi manja awiri.

Anayankhula m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, pang'onopang'ono kuti ndimve. Anati amva kwa mesenjala wa ku boma kuti kalata yochotsa munthu ikubwera. Anati iwo akalamba, ukapitawo wawakanika, ndiwabwezere kumtunda ku njira zawo za moto, kapena ndiwachotse ntchito iwowo. Koma ndisachotse mayi wa adzukulu awo.

Ndinawafunsa kuti mayi wa adzukulu awo ndani, poti pa mndandanda wanga panalibe mkazi wa dzina la Sichali.

Dzina lake sanalitchule, ndipo sangalitchule. Anangoti ndi uja wa pa mabedi a njere. Anati ndi mkamwana wawo, mkazi wa mwana wawo Petros, amene anamwalira ku esiteti ya fodya ku Rumphi zaka zitatu zapitazo. Kuno mkazi akakwatiwa amasunga dzina la kwa bambo ake, n'chifukwa chake pa pepala langa awiriwa ankaoneka ngati anthu osadziwana.

Kenaka anandifotokozera mwambo wawo, modekha ngati akuphunzitsa mwana. Kuno mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, ndipo apongozi ake aamuna sawayang'ana kumaso, sawayankha pagulu, salandira kanthu m'manja mwawo, ngakhale kuima nawo pafupi. Akakumana panjira amapatuka n'kugwada atafulatira. Si chidani, ndi ulemu waukulu umene mkazi angapereke. Anati kuyambira pamene Esnat analowa ntchito, antchito anzake onse ankadziwa, ndipo ankawathandiza mwakachetechete: mdala kumtunda, mayi kumtsinje, ndipo a Sichali akatsika kudzanola zikwanje, amayi ankakhosomola kuti mnzawo apatuke. Zinkayenda bwinobwino mpaka tsiku limene ine ndinabwera ndi malamulo anga n'kuwaika awiriwa pakhomo limodzi.

Sylvia, ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe.

Ukukumbuka chaka chimene tinakwatirana, tsiku lija ndinaona mayi ako akubwera m'kanjira ka kuchitsime, ine n'kudumphira patchire, osaona kuti pali chitedze? Ndinadzikanda masiku atatu, iwe ukundiseka mpaka misozi. Ine yemweyo, mkamwini wodziwa kuthawa apongozi, ndinaona mkazi akulowa patchire tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, osazindikira kanthu. Chifukwa kwathu wothawa ndi mwamuna, mutu wanga sunaganize kuti kwina wothawa angakhale mkazi. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, inde, koma ndinafunsa ngati wapolisi, osati ngati munthu wofuna kudziwa.

Ndinawafunsa a Sichali chifukwa chake sanandiuze poyamba pomwe. Anati malamulo a bwana ndi malamulo a boma, ndipo munthu wamba sauza boma kuti lalakwitsa. Anawonjeza kuti ngati ndikufuna kudziwa ngati mayiyo ndi waulesi, ndikafike pa nazale tambala wachiwiri akangolira.

Wezulo ndinawabwezera. Anakana kawiri, kachitatu ndinawaveka ndekha m'khosi.

M'mawa mwake ndinalawirira, n'kukaima kuseri kwa mtengo wa bulugamu ngati wakuba. Kunja kukungoyamba kuyera, udzu uli mbuu ndi chisanu. Esnat anali atafika kale. Ankatsika kumtsinje ndi ndowa yake ya kunyumba, wopanda nsapato, kukwera, kuthirira, kutsikanso. Anathirira mabedi ake onse, kenaka anayamba a anyamata. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti ntchito ya tsiku lonse ankaigwira anthu asanafike, kuti apongozi ake akabwera asakhale ndi chifukwa choimira pa bedi lake. Ndipo ine, miyezi yonseyi, ndinkapeza mabedi onyowa m'mawa n'kumayamikira anyamata.

Ndinalira, Sylvia. Sindikubisa. Ndinaima kuseri kwa mtengo uja n'kulira ngati mwana.

Masana ndinaitana mayi Bessie, amene ndi wamkulu pa amayi onse, kuti akhalepo pamene ndikupepesa. Ndinamuuza Esnat zonse zimene ndinalemba, osachotsera. Kenaka anauza mayi Bessie, iwo n'kumandimasulira, kuti iye sanakwiye, ankangoopa. Anati anaganizapo zosiya ntchito, koma ana atatu adya chiyani. Anaganizaponso zondiuza zoona, koma ankaopa kuti ndikadziwa ndiwalanda ukapitawo agogo a ana ake, pamene adikira zaka zonsezi. Anati kuli bwino bwana amuyese waulesi kusiyana n'kuti mdala abwerere kumtunda ndi manyazi.

Taganiza, Sylvia. Anthu awiri amene chikhalire sanayankhulanepo maso ndi maso, aliyense anali wokonzeka kutaya chake kuti mnzake asataye. Ine ndi fomu yanga ndinalemba kuti mmodzi ndi wamwano, winayo watopa naye.

Pa nazale zinthu ndinazikonza tsiku lomwelo, ndipo sizinavute n'komwe. Amayi tsopano ali ndi mzere wawo kumtsinje, amawaitana mayina ndi mayi Bessie, zipangizo amalandiranso kwa iwo. Mabedi a njere tinawasamutsira kumunsi. Chinatsala ndi kalata ija.

Lachitatu ndinakwera njinga kupita ku boma. Ndinanyamuka kusanache, kukafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'makutu. Ndinapeza kalata yochotsa Esnat itataipidwa kale, ili pa tebulo la bwana, ikungodikira siginecha.

Bwanayo si munthu woipa. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati lipoti langa analitumiza kale ku Mzuzu pamodzi ndi fomu ija, ndipo silingangosowa. Njira inali imodzi yokha: ndilembe ndi dzanja langa kuti lipoti loyamba linali lolakwa, kuti ine woyang'anira ndinalephera kuwadziwa antchito anga, ndipo pepalalo lilowe m'failo yanga. Anandichenjeza kuti akuluakulu akaona zotero sangandipatse malo a ku Dedza, omwe ndi nazale yaikulu, poti ofuna malowo ndi ambiri.

Anatsitsa mawu n'kundiuza ngati mnzake kuti ndikhoza kungokhala chete. Anati waganyu ndi waganyu, lero achoka, mawa alembedwa wina, ndipo palibe adzandifunse. Anandiuza ndituluke ndikaganize.

Ndinakhala pakhonde la ofesiyo ola lathunthu. Ndinaganiza za iwe. Ndinaganiza za Amos, amene ndinamusiya akuyamba kuyankhula, ndipo chaka chatha nditabwera pa tchuthi anabisala kuseri kwa nkhokwe pondiyesa mlendo. Ndinaganiza za Dorothy akundifunsa kuti kodi ku Chitipa kuli ana ena amene ndimawakonda kuposa iwo. Mtima unkandiuza kuti nyamuka, kwera njinga, ukamange katundu. Ndisakunamize kuti ndinalimba mtima msanga, ndinatsala pang'ono kuchita zomwezo.

Koma ndinadzifunsa kuti ndikafika kwathu, iwe ukadzandifunsa kuti anthu a ku Chitipa ndawasiya bwanji, ndidzakuyankha chiyani. Ukanadziwa basi, iwe umandiwerenga pankhope. Ndipo ndikudziwa mkazi amene ndinakwatira. Sukanandilola kudya mwamtendere utamva kuti ulendo wanga ndinaugula ndi chakudya cha ana amasiye atatu.

Ndinalowa n'kulemba. M'pepala lomwelo ndinakonzanso mawu aja onena za amayi. Bwana anawerenga, anang'amba kalata ya Esnat ine ndikuona, kenaka anapukusa mutu n'kunena kuti ngati patatha zaka zinayi sindikuwadziwa anthu anga, ndiye ndikhale ndiwadziwe. Malo a ku Dedza apita kwa mnzanga wa ku Nthalire. Za ine akuti adzaziona pakatha zaka zitatu.

Ndi zimenezo, mkazi wanga. Ndakulakwira kawiri: polemba bodza lija, ndiponso posankha chinthu chachikulu chotere osakufunsa. Panalibe nthawi yokufunsa, koma zimenezo sizichotsa kulakwa. Ngati wakwiya, kwiya ndithu, uli ndi chifukwa.

Pobwerera, ndikukankha njinga pa zitunda, ndinaganiza za fomu ija. Inali ndi mzere wa aliyense, koma wa ine munalibe. Akanandifunsa, nanenso ndikanati ndili makora. Koma zoona zake n'zakuti pa anthu onse a pa nazale ino, wodwala kwambiri ndinali ine. Madala misana ikuwawa, koma madzulo amapita kwa anthu awo. Amayi amatopa, koma ali ndi anzawo owakhosomolera. Amene tikufota ndife obwera, amene tinasiya mabanja kumwera: ine, mphunzitsi wa pa pulaimale, ndi wapolisi wa kumalire. Tikakumana nkhani yathu ndi imodzi, yoti tidzachoka liti. Zaka zinayi ndakhala kuno osabzala ngakhale phata limodzi la nthochi pakhomo, ine munthu wa mitengo, poti ndinkati mawa ndikupita. Munthu amene mtima wake uli pa msewu saona amene ali patsogolo pake. N'chifukwa chake sindinamuone Esnat.

Zaka zina zitatu za moyo woterewu sindingazithe, Sylvia. Ndidzakhala munthu wouma mtima, ndipo ndidzalakwiranso wina.

Ndiye ndikukupempha, ndipo ndikupempha nditagwada ngakhale sukundiona. Bwera kuno. Bwera ndi ana, tidzakhale limodzi.

Ndikudziwa kukula kwa chimene ndikupempha. Munda ndi wako, wa makolo ako, ndipo mkazi wa kwanu sachoka pamudzi chisawawa. Mayi akukalamba. Dorothy ali ndi anzake kusukulu. Sindikunamiza kuti kuno ndi kokoma. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, chigayo chili kutali, mvula ikagwa msewu umatsekeka mwina mwezi wathunthu, ndipo miyezi yoyamba udzakhala ngati wosamva, anthu akuseka iwe osadziwa chimene akuseka. Sopo ndi mchere zimasowa. Udzalira, ndikudziwa.

Koma nthaka ndi yabwino, nyemba zimabereka zosati masewera, ndipo sukulu ili pafupi. A Sichali atamva kuti sindichoka anabwera okha kudzandilozera malo olima kuseri kwa nyumba, ndipo akuti madala adzathandiza kuswa mphanje. Mayi Bessie akuti Chitumbuka adzakuphunzitsa ndi iwo, osati ine, chifukwa changa n'chochititsa manyazi. Esnat wayambanso kuimba. Dzana anatuma mayi Bessie kudzandifunsa dzina lako, akuti akufuna azikutchula akamapemphera.

Za munda, mng'ono wako Eneless angaulime zaka zitatuzi, ndipo zokolola zikhale zake ndi mayi. Kwa malume ako a Timothy ndilemba kalata yopempha chitengwa mwa dongosolo lake, kudzera kwa ankhoswe, koma sindilemba ndisanamve kwa iwe. Sindikufuna kuti akuluakulu akukhazike pansi n'kukuuza zochita. Ndaphunzira mowawa zimene zimachitika munthu akamakonzera anzake moyo osawafunsa. Ukakana, sindidzakusungira mangawa. Ndizibwera pa tchuthi monga kale, ndipo ndidzakukonda chimodzimodzi.

Ana usawauze msanga. Uyambe waganiza wekha, upemphere, ukambirane ndi mayi. Ukafuna kuwauza, uwauze kuti bambo awo analakwitsa ndipo akukonza, usawauze kuti boma lawakaniza.

Undiperekere moni kwa mayi, uwauze kuti mkamwini wawo akuwakumbuka ndipo akupempha chikhululukiro. Moni kwa malume a Timothy, kwa Eneless ndi ana ake, kwa a Mackson oyandikana nafe, ndi kwa onse a kwaya. Dorothy ndi Amos uwafungatire m'malo mwanga. Mulungu amene watisunga zaka zinayi tili kutali akusunge iwe ndi nyumba yonse, akupatse mtendere pamene ukuganiza.

Stefano adzadutsanso kwanuko pobwerera, pakatha masiku khumi. Yankho umupatse iyeyo. Ngati mawu akukuvuta, usavutike ndi kalata yaitali, ungolemba limodzi lokha, eya kapena ayi. Lole yake imafika kuno Lachisanu, ndipo ine ndidzakhala nditaima pamsewu.

Ndine mwamuna wako wokukonda,
Lucius